Kodi kusala kudya kungakonze mtima wogunda mosokonekera? Za autophagy ndi kagundidwe ka mtima

Funso: "Ndine bambo wa zaka 56. Chaka chatha kuchipatala anandipeza ndi atrial fibrillation, ndipo ndimamwa digoxin, warfarin ndi hydrochlorothiazide wa BP. Pa intaneti ndaona anthu akunena kuti munthu akasala kudya masiku atatu, n'kumangomwa madzi okha, maselo a mtima amadziyeretsa m'njira yotchedwa autophagy, mtima n'kuyambanso kugunda bwino. Kodi autophagy n'chiyani kwenikweni, nanga ikukhudzana bwanji ndi vuto langali? Ndiyese?"

Bambo, musayese. Ndi mankhwala atatu mwatchulawo, masiku atatu a madzi okha angakufikitseni kuchipatala mutanyamulidwa, ndipo zifukwa zake ndizifotokoza bwinobwino. Komabe funso lanu ndi lomveka. Autophagy ilipodi, imagwira ntchito m'maselo a mtima usana ndi usiku, ndipo ikawonongeka kagundidwe ka mtima kamatha kusokonekera. Pamene anthu a pa intanetiwo akulakwitsa ndi poganiza kuti ikamachuluka ndiye kuti mtima ukupindula. Pa matenda anuwa a atrial fibrillation, omwe ndi kunjenjemera kwa zipinda zam'mwamba za mtima kochititsa kuti uzigunda mosokonekera, kafukufuku wina akusonyeza kuti kuchuluka kwakeko ndi mbali ya vuto.

Autophagy ndi njira imene selo limagayira ziwalo zake zotha ntchito, n'kutenga zotsalazo kupangira zatsopano. Christian de Duve wa ku Belgium, amene anatulukira timatumba togaya zinthu totchedwa lysosome m'chaka cha 1955, ndiye anaitcha dzinali mu 1963. Mmene imayendera anadzazitulukira Yoshinori Ohsumi wa ku Japan pofufuza maselo a yisiti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2016. Majini amene anapeza mu yisiti alinso mwa munthu.

Imayenda chonchi. M'selo muli mapuloteni awiri oyang'anira chakudya ndi mphamvu. Imodzi ndi mTOR: chakudya chikakhala chokwanira imatsekereza autophagy. Ina ndi AMPK: mphamvu ikachepa imadzuka, n'kufooketsa mTOR ndi kuyatsa puloteni yotchedwa ULK1. Kenako gulu la mapuloteni lokhala ndi Beclin 1 limayambitsa kanembanemba kopyapyala, kamene kamakula mothandizidwa ndi mapuloteni a ATG monga ATG5 ndi ATG7. Puloteni ya LC3 imamatirira pa kanembanembako, ndipo ina yotchedwa p62 imagwira zinthu zoyenera kutayidwa n'kuzikokera mkati. Kanembanemba kakatsekeka pamakhala kathumba ka zikopa ziwiri kotchedwa autophagosome. Kathumbaka kamakalumikizana ndi lysosome, mmene muli asidi wa pH pafupifupi 4.5 mpaka 5, ndipo mmenemo ndi momwe zonse zimagayidwa. Sitepe yomalizayi muisunge m'mutu, chifukwa matenda awiri amene tikuwadziwa bwino mwa anthu amachokera pamenepa.

Mtima umadalira njirayi kuposa ziwalo zambiri. Khungu ndi matumbo zimangotaya maselo akale n'kupanga ena. Mtima sutero. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2009 anapeza kuti pa zaka 25 maselo a minofu ya mtima amene amalowedwa m'malo pa chaka ndi pafupifupi 1 pa 100 alionse, ndipo pofika zaka 75 chiwerengerocho chimatsika n'kukhala chochepera theka la pamenepo. Ambiri mwa maselo amene akugunda m'chifuwa mwanumo munabadwa nawo. Amagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a selo lililonse ndi mitochondria, tiziwalo topanga mphamvu. Selo lotere silingatayidwe likakalamba, liyenera kukonzedwa likugwirabe ntchito. Mu 2007 ofufuza a ku Osaka anazimitsa jini ya ATG5 m'mitima ya mbewa zazikulu za m'labotale. Mitimayo inakula, n'kufooka, ndipo mitochondria zake zinaunjikana mopanda dongosolo.

Tsopano kagundidwe. Kugunda kulikonse kumayamba ndi kamphamvu ka magetsi kochokera pa kagulu ka maselo kotchedwa sinus node, m'chipinda cham'mwamba chakumanja, ka 60 mpaka 100 pa mphindi munthu akakhala phee. Kamphamvuko kamafalikira m'zipinda zam'mwamba, kamaimitsidwa pang'ono pa kagulu kena ka maselo kotchedwa AV node, pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, kenako n'kutsikira m'zipinda zam'munsi. M'selo lililonse magetsiwa amapangidwa ndi timichere todutsa pa timakomo ta pa khungu la selo: sodium amalowa mwachangu, calcium amalowa pang'onopang'ono n'kuchititsa kuti selo lifinyike, potassium amatuluka n'kubwezera selo pamalo pake. Kuchoka pa selo lina kupita pa linzake magetsi amadutsa m'timipata topangidwa ndi mapuloteni otchedwa connexin. Timakomo ndi timipata tonseti ndi mapuloteni, ndipo selo limatipanga ndi kutigaya mosalekeza. Connexin 43, yomwe ndi yaikulu m'zipinda zam'munsi, theka lake limasinthidwa pa maola osapitirira awiri. Ndiye mungaone kuti kagayidwe kakangosintha pang'ono, mayendedwe a magetsi nawo amasintha.

Autophagy ikachepa, vuto limayambira ku mitochondria. Mitochondria zowonongeka zimayenera kuikidwa chizindikiro ndi mapuloteni a PINK1 ndi Parkin kuti zikagayidwe. Zikatsala m'selo zimapanga mphamvu yochepa koma zimatulutsa timankhwala ta okosijeni towononga. Timankhwalati timakhudza kakomo kotchedwa RyR2, kamene kamatseka nkhokwe ya calcium mkati mwa selo. Kakomoko kamayamba kudontha pa nthawi imene selo likuyenera kupuma. Pofuna kuchotsa calcium wodonthayo, selo limatulutsa calcium m'modzi n'kulowetsa sodium atatu, ndipo kusinthanako kumapanga kamphamvu ka magetsi kosayembekezereka. Kakakula mokwanira, selo limawombera lokha nthawi isanakwane. Kugunda kongodukiza kotereku ndi kumene kumayatsa atrial fibrillation, kawirikawiri kuchokera pamene mitsempha yochokera m'mapapo imalowera m'chipinda cham'mwamba chakumanzere. Palinso china: DNA ya mitochondria imene yathawa kugayidwa imadzutsa chitetezo cha m'thupi, minofu n'kuyamba kutupa, ndipo kutupa kwa nthawi yaitali kumasiya zipsera. Magetsi sadutsa pa chipsera, amachizungulira, ndipo kuzungulirako ndiko kumachititsa kuti vuto likhazikike.

Mbali inayo ndi imene simungaimve m'mavidiyo. Pa atrial fibrillation zipinda zam'mwamba zimanjenjemera ka 350 mpaka 600 pa mphindi. Selo lililonse limalandira calcium wochuluka kuposa mmene lingathere, ndipo limadziteteza pochepetsa timakomo tolowetsa calcium totchedwa Cav1.2. Mwa anthu amene akhala ndi vutoli nthawi yaitali, calcium wolowa pa timakomoti amatsika kupitirira theka. Selo lapulumuka, koma nthawi yake yopuma pakati pa kugunda kuwiri yafupika, choncho magetsi ozungulira amalipeza lili lokonzeka kuwomberanso. N'chifukwa chake ofufuza a ku Maastricht, pogwiritsa ntchito mbuzi, anasonyeza mu 1995 kuti vutoli likamakhalitsa limadzilimbitsa lokha. Mu 2018 gulu la ku Harbin ku China linapeza kuti imodzi mwa njira zimene timakomo ta Cav1.2 timachotsedwera ndi autophagy yeniyeniyo. ATG7 inali yochuluka m'minofu ya odwala, ndipo mwa akalulu, atachepetsa ATG7, vutoli linavuta kuyambitsa. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake gulu la Bianca Brundel ku Netherlands linali litasonyeza kuti kugunda kothamanga kumapanikiza kachiwalo kopinda mapuloteni m'selo, kupanikizikako n'kukweza autophagy, ndipo kuletsa zimenezi kunateteza maselo m'labotale ndi mwa agalu.

Ngakhale pa matenda amodzi nthawi imasintha zinthu. Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, AMPK imayatsa autophagy ndipo maselo osowa okosijeni amapirira nthawi yotalikirapo. Magazi akabwerera, autophagy imakweranso kudzera pa Beclin 1, koma ulendo uno mwa mbewa inapezeka kuti ikuwonjezera kuwonongeka. Izi zinasindikizidwa mu 2007 ndi gulu la Junichi Sadoshima ku New Jersey. Pa nthawi yosowa magaziyo connexin 43 nayo imagayidwa, maselo n'kusiya kulumikizana bwino.

Pali msampha umene umakola ngakhale ofufuza, ndipo ndi umene umachititsa kuti nkhani za autophagy zizioneka ngati zikutsutsana. Mukaona matumba a zinyalala ataunjikana pakhomo la munthu, mwina m'nyumbamo asesa kwambiri, mwina galimoto yotola zinyalala yasiya kubwera. Timatumba ta autophagosome ndi LC3 zikachuluka m'selo, n'chimodzimodzi: mwina ntchito yakula, mwina yaima pa lysosome. Ofufuza a ku Chile mu 2012 anatenga tizidutswa ta chipinda cham'mwamba kwa anthu pochitidwa opaleshoni ya mitsempha ya mtima. Amene anadzadwala atrial fibrillation pambuyo pa opaleshoniyo anali ndi timatumba tambiri toima m'njira, osagayidwa. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna kachidutswa ka mtima ndi labotale yapadera. Palibe kuyeza magazi, ECG (kujambula magetsi a mtima) kapena sikani imene ingauze dokotala wanu kuti autophagy ya mtima wanu ndi yochepa kapena yochuluka, kulikonse padziko lapansi. Wokugulitsani mankhwala kapena ndondomeko ya kadyedwe "yokweza autophagy ya mtima" sanayeze chilichonse, ndipo sadziwa kuti inuyo mukufunika kukwezedwa kapena kutsitsidwa.

Mwa anthu, umboni wolimba uli pa matenda awiri, ndipo onse ndi a kutsekeka kwa sitepe yomaliza ija.

Oyamba ndi matenda a Danon, amene anafotokozedwa mu 1981, ndipo mu 2000 zinadziwika kuti amachokera pa jini ya LAMP2 yowonongeka. Puloteni ya LAMP2 imakhala pa khungu la lysosome ndipo imathandiza kuti autophagosome ilumikizike nayo. Popanda iyo timatumba timadzaza selo, khoma la mtima limanenepa moopsa, ndipo njira za magetsi zimasokonekera. Anyamata ambiri odwala matendawa ECG yawo imaonetsa chizindikiro cha Wolff-Parkinson-White: magetsi amafika m'zipinda zam'munsi msanga, mpata wa PR (nthawi imene magetsi amatenga kuchoka m'zipinda zam'mwamba kufika zam'munsi) n'kukhala wochepera mamilisekondi 120. Jiniyi ili pa chromosome X, choncho mwa anyamata matendawa amayamba ali aang'ono, pamodzi ndi kufooka kwa minofu ya m'thupi ndi kuvutika kuphunzira, ndipo ambiri amafunika mtima wina kapena amamwalira asanafike zaka 30. Mwa akazi amayamba mochedwa. Mayi wonyamula jiniyi, mwana wake aliyense ali ndi theka la mwayi woitenga; bambo amaipatsira ana ake onse aakazi koma osati aamuna. Ndi matenda osowa kwambiri, ndipo pa zaka 56 ndi BP si inu. Ndawatchula chifukwa cha ogwira ntchito zachipatala amene akuwerenga nawo: mnyamata wa mtima wonenepa, PR wamfupi, CK (chizindikiro cha kuwonongeka kwa minofu) ndi ma enzyme a chiwindi okwera m'magazi, asangolembedwa kuti ali ndi vuto la chiwindi. Ndipo munthu wa Wolff-Parkinson-White akagwidwa ndi atrial fibrillation asapatsidwe digoxin kapena verapamil, chifukwa zimatha kukankhira magetsi onse ku njira yachidule, mtima n'kuima.

Achiwiri amatikhudza pafupi, chifukwa mankhwala ake timawadziwa. Chloroquine ndi m'bale wake hydroxychloroquine amaunjikana mu lysosome n'kuchepetsa asidi wa mmenemo, ndipo amachita zimenezi modalirika moti ofufuza amawagwiritsa ntchito dala poimitsa autophagy m'labotale. Malawi linasiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993, dziko loyamba mu Africa kutero, ndipo kumwa masiku atatu a malungo kale lija sikusiya vuto limeneli. Oyenera kusamala ndi amene amamwa mankhwalawa zaka zambiri chifukwa cha lupus kapena nyamakazi yotupitsa mfundo. Ofufuza a ku France mu 2018 anasonkhanitsa malipoti a odwala 127 amene mtima wawo unawonongeka ndi mankhwalawa. Theka la iwo anali atamwa zaka 7 kapena kupitirira, ndipo 85 pa 100 alionse anali ndi vuto la kayendedwe ka magetsi, monga kutsekeka kwa AV node. Mwa amene anasiyitsidwa mankhwalawo, ochepera pang'ono theka mtima unabwerera m'chimake. Ndiye kuzindikira msanga kuli ndi phindu: ECG poyamba ndi nthawi ndi nthawi, mlingo wa hydroxychloroquine usapitirire mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku, ndi kuyang'anitsitsa ngati impso zili zofooka. Wodwala lupus asasiye yekha mankhwalawa, chifukwa ambiri amawamwa popanda vuto ndipo amateteza moyo. Kutalikitsa kwa QT (nthawi ya pa ECG imene zipinda zam'munsi zimatenga kuwombera ndi kubwerera pamalo pake) kumene mankhwala omwewa amachita m'masiku ochepa ndi nkhani ina, kumachokera pa kutsekeka kwa kakomo ka potassium, osati pa autophagy.

Tibwerere kwa inu. N'zoona kuti njala imakweza autophagy m'mitima ya mbewa. Koma mbewa ikakhala maola 48 osadya imatsika kwambiri kulemera kwa thupi, moti maola ake sangafanizidwe ndi a munthu, ndipo ziwerengero za "maola 16" kapena "maola 72" zimene zimafalitsidwa sizinayezedwepo mu mtima wa munthu wamoyo. Chimene chinayezedwa bwino ndi chimene chimachitikira timichere. Masiku oyamba a kusala insulin imatsika, impso zimataya sodium ndi madzi, potassium ndi magnesium n'kupitira limodzi. Hydrochlorothiazide yanu ikuchita kale zomwezo. Potassium wa m'magazi amayenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 mmol pa lita, ndipo kwa wodwala mtima timakonda kuti asatsike pansi pa 4.0. Digoxin amagwira pampu ya sodium ndi potassium pamalo amene amalimbirana ndi potassium. Potassium akachepa, digoxin yemweyo, pa mlingo womwewo, amagwira mwamphamvu kuposa kale. Thupi likauma impso zimachedwanso kumutulutsa, ndiye amaunjikana. Mapeto ake ndi calcium wodzaza m'selo, kugunda kongodukiza, kutsekeka kwa AV node, mwinanso kuthamanga koopsa kwa zipinda zam'munsi. Zizindikiro zake ndi nseru, kusanza, kusokonezeka mutu, ndi kuona zinthu zachikasu kapena zozunguliridwa ndi kuwala, ndipo munthu wosala angaziyese za njala chabe.

Warfarin, amene amaletsa magazi kuundana, naye sakhala chete. Mukasiya ndiwo zamasamba vitamini K amachepa, INR (muyezo wa mmene magazi akuchedwera kuundana) n'kukwera kupitirira 2 mpaka 3 amene tikufuna, magazi n'kuyamba kutuluka mosavuta. Ngozi ina ili pomasula: munthu wosala nthawi yaitali akadya nsima yambiri nthawi imodzi, insulin imakwera mwadzidzidzi n'kukokera phosphate, potassium ndi magnesium m'maselo, m'magazi n'kutsala zochepa. Izi si zongoganizira. Ku United States cha m'ma 1977, anthu 17 amene analibe matenda ena odziwika kupatula kunenepa anamwalira mwadzidzidzi akutsatira kadyedwe kochepetsa thupi ka mapuloteni amadzimadzi okha, ndipo mwa amene anajambulidwa ECG munapezeka QT yaitali ndi kusokonekera kwa zipinda zam'munsi.

Ngati kusalako ndi kwa mapemphero, ndikulemekeza cholinga chake, koma kambiranani ndi dokotala wanu musanayambe. Nthawi ya mankhwala okodzetsa imatha kusinthidwa, potassium ndi impso n'kuyezedwa, ndipo kusala kwa maola ochepa mukumwa madzi n'kosiyana kwambiri ndi kwa masiku. Wokhala ndi shuga amene amamwa glibenclamide kapena kubaya insulin ali pangozi ina yowonjezera, chifukwa shuga akatsikitsitsa QT imatalika.

Za mankhwala okweza autophagy ndinene mwachidule. Spermidine ndi trehalose zinathandiza mitima ya mbewa, rapamycin amaletsa mTOR koma amafooketsa chitetezo cha thupi, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chinatsimikizidwa kuti chimachiza kapena kupewa atrial fibrillation mwa munthu. Musawononge ndalama.

Zimene zinayesedwa mwa anthu n'kuoneka phindu ndi zina. Ku Melbourne mu 2020, mwa odwala 140 omwa mowa kawirikawiri, vutoli linabwerera pa miyezi 6 mwa 53 pa 100 alionse amene anauzidwa kusiya, poyerekeza ndi 73 mwa amene anapitiriza. Ku Adelaide mu 2015 zinaoneka kuti onenepa amene anachepetsa thupi ndi gawo limodzi mwa magawo 10, n'kukhalabe choncho, vutoli linawachepera kwambiri. Kuchepetsako kunali kwa pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka. Kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata kumathandiza, ndipo mwa mbewa masewero olimbitsa thupi amayatsadi autophagy mu mtima, ngakhale kuti othamanga mitunda italiitali kwa zaka zambiri vutoli limawapeza kuposa anzawo. BP yanu ikhale yoyang'aniridwa, chifukwa ndi imene imatambasula chipinda cham'mwamba chakumanzere n'kusiyamo zipsera. Ngati amayi akunyumba amanena kuti mumaliza mkonono n'kumabanika kutulo, dokotala adziwe.

Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala funsani zinthu izi ngati sizinachitike: potassium ndi creatinine (muyezo wa ntchito ya impso), kuyeza chithokomiro, ndi sikani ya mtima yotchedwa echo. Echo ndi yofunika kwambiri kuno kwathu, kumene ambiri a atrial fibrillation ali ndi valavu ya mitral (ya pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere) yopanikizika chifukwa cha matenda a rheumatic a paubwana. Kwa oterowo warfarin ndiye woyenera. Kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022 anapeza kuti anachita bwino kuposa rivaroxaban, mankhwala ena oletsa magazi kuundana. Warfarin wanu musadumphitse, chifukwa atrial fibrillation imachulukitsa ngozi ya sitiroko pafupifupi kasanu, ngakhale masiku amene simukumva kalikonse. Mukapatsidwa mankhwala atsopano, makamaka erythromycin, clarithromycin, ciprofloxacin, cotrimoxazole, metronidazole, fluconazole kapena quinine, nenani kuti muli pa digoxin ndi warfarin, chifukwa ena amakweza digoxin m'magazi, ena amakweza INR, ena amatalikitsa QT. Mukatsegula m'mimba kapena kusanza kupitirira tsiku limodzi, pitani mukayezetse tsiku lomwelo. Kukomoka, kupweteka pachifuwa, phuma mutangokhala, mtima kugunda pansi pa 50 pa mphindi mukumva chizungulire, pakamwa kupotoka kapena mkono kufooka mwadzidzidzi, zimenezo sizidikira tsiku la kiliniki.